Maola okha sapanga katswili pa mpila wa ku America

Pa 1 February 2015, mumzinda wa Glendale ku Arizona, munali masewela omaliza a mpila wa ku America, aja amawacha Super Bowl. Kuno kwathu atambala anali atayamba kulila, pakuti masewelawa amayamba ca m'ma 01:30 usiku pa nthawi ya Zambia, ndipo ife ocepa amene tiwakonda timalipila ndi tulo. Timu ya New England Patriots inali patsogolo ndi mapointi 28 kwa 24, koma mpila unali m'manja mwa Seattle Seahawks, amene anatsala ndi yadi imodzi cabe kuti afike pamzele wa cigoli. Yadi imodzi sikwana ngakhale mita. Pa nkoloko panatsala masekondi 26. Aliyense wopenyelela anali atapeleka kale cikho kwa Seattle mumtima mwake.

Woponya mpila wa Seattle, Russell Wilson, anauponya kwa mnzake Ricardo Lockette, koma sunafike. Mnyamata wina wa New England, dzina lake Malcolm Butler, anatulukila ngati kabawi pa mwanapiye, nauwakha pamzele peni-peni. Cikho cinapita ku New England.

Butler anali ndi zaka 24, ndipo cinali caka cake coyamba m'ligi yaikulu ya NFL. Pa nthawi imene matimu amasankha anyamata ocokela m'mayunivesite, panalibe timu ngakhale imodzi imene inachula dzina lake. Anacita kuitanidwa kudzayesedwa cabe. Zaka zingapo m'mbuyomo anali kugwila nchito m'sitolo yogulitsa nkhuku zokazinga kwao ku Vicksburg, Mississippi. Ambili anati ndi mwai. Kukanakhala kuno, ena akanati mwanayo anasamba mankhwala.

Zoona zake zinadziwika pambuyo pake. M'masiku okonzekela masewelawo, makochi a New England anapenda makanema a Seattle, nauza osewela ao apabenchi kuti atengele ndondomeko imene Seattle inali kukonda ikafika pafupi ndi cigoli. Poyeseza, Butler analephela. Anazungulila kumbuyo kwa anzake nafika mocedwa, mpila utawakhidwa kale. Kochi wamkulu Bill Belichick anamudzudzula pomwepo. Conco pa tsiku leni-leni, ataona anyamata awili a Seattle aima mondondozana kumbali kwake, anazindikila cimene cibwela, ndipo ulendo uno anadzela kutsogolo.

Ndayamba ndi nkhaniyi cifukwa pali ciphunzitso cimene cafala m'masukulu, m'mabwalo a masewela ngakhale m'misonkhano ya acinyamata, cakuti munthu akathela maola 10,000 pa cinthu cimodzi amakhala katswili. Ophunzitsa zimenezi amakonda kutenga zitsanzo ku mpila wa ku America, ndipo ifenso timagwedeza mitu, popeza makolo anati kanthu n'khama, phwiti anakwatila njiwa. Ine sinditsutsa khama. Cimene nditsutsa ndi kuwelenga maola ngati ndalama zosunga kubanki, zimene zikangoculuka ndiye kuti walemela. Butler sanapulumutsidwe ndi kuculuka kwa maola ai. Anapulumutsidwa ndi colakwa cimodzi cimene munthu wa maso anamuonetsa, iye n'kucikonza.

Kwa inu amene simunaonepo mpilawu, ndifotokoze pang'ono. Mbali iliyonse imakhala ndi osewela 11. Timu imene ili ndi mpila imapatsidwa mipata inai kuti iyende mayadi 10, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso ina inai. Mpata uliwonse umatenga masekondi owelengeka, kenaka onse amaima n'kumvana za ndondomeko yotsatila. Mu 2010 nyuzipepala ya Wall Street Journal inawelengela kuti pa masewela otenga maola atatu, mpila umakhala ukuyenda kwa mphindi pafupifupi 11 zokha. Kuyambila mu 2021 timu iliyonse imasewela maulendo 17 isanafike mu ndime yocotsana. Welengani nokha: ndi mphindi 187, maola atatu ndi pang'ono pa caka conse. Ndipo wosewela mmodzi amapezapo theka cabe, cifukwa oyendetsa mpila ndi ena, ochinga ndi ena.

Apa ndi pamene mpilawu usiyanila ndi bola yathu. Mwana wa m'komboni amaphunzila bola mwa kuisewela, pafumbi, ndi cimpombwa ca mapulasitiki, mpaka amai amuitane dzuwa litalowa. Mpila wa ku America sungauphunzile motelo. Ndi wogundana kwambili, thupi silingapilile kuusewela tsiku ndi tsiku. Pafupifupi ukatswili wonse umapangidwa kumene kulibe openyelela: m'kalasi, pa kanema ndi pabwalo loyesezela. Amene anakhazikitsa mwambo umenewu ndi Paul Brown, kochi woyamba wa Cleveland Browns mu 1946. Iye anabweletsa sukulu m'masewela. Amuna akulu-akulu anali kukhala pansi ndi mabuku, kulemba manotsi, kulemba mayeso ndi kupenyelela makanema oonetsa zolakwa zao.

Vince Lombardi, amene dzina lake linapatsidwa ku cikho ca Super Bowl, anapambana ligi kasanu ndi Green Bay Packers pakati pa 1961 ndi 1967. Cida cake cacikulu cinali ndondomeko imodzi yothamanga ndi mpila kumbali, imene adani onse anali kuidziwa koma osatha kuiletsa. John Madden, ali kochi wacinyamata, anapita kukamva Lombardi akuphunzitsa makochi anzake, poganiza kuti iye mpila audziwa kale. Lombardi analankhula maola 8 za ndondomeko imodzi yomweyo: phazi ili liponde pati, mdani akapita uku ucite ciani, akapita uko ucite ciani. Madden anasimba kambili kuti anatuluka m'cipindamo atazindikila kuti sanali kudziwa kanthu. Maola 8 amenewo sanali obweleza cinthu cimodzi ngati mtondo ndi munsi. Anali ogawa cinthu cimodzi m'tizidutswa mpaka kacidutswa kalikonse kaoneke.

Citsanzo cimene ndikonda kwambili ndi ca Raymond Berry wa Baltimore Colts. Sanali wa liwilo, maso ake anali ofooka, ndipo ali kusekondale ku Paris, Texas, anawakha mipila 13 yokha. Mu 1954 anasankhidwa mu ndime ya nambala 20. Koma taonani mmene anali kuyesezela. Anzake akaweluka iye anali kutsala pabwalo ndi woponya mpila Johnny Unitas. Popanda Unitas, ngakhale mkazi wake anali kumuponyela. Ndipo sanali kupempha mipila yabwino. Anali kupempha yoipa, yapansi, yakumbuyo, yopitilila pamutu, cifukwa pa masewela eni-eni yoipayo ndiyo imagwetsa munthu. Anapanganso njila 88 zosiyana-siyana zozembela womuchinga, n'kumazibweleza. Pa 28 December 1958, pa masewela olimbilana cikho ndi New York Giants, anawakha mipila 12 ya mayadi 178, ndipo Colts inapambana 23 kwa 17. Munthu wina akanathela maola omwewo akuwakha mipila yofika pacifuwa, akanatuluka monga analowela.

Ndiye pali Jerry Rice, amene aliyense wolalikila za khama amamuchula. Anakulila ku Crawford, Mississippi, mwana wa mmisili womanga nyumba, ndipo pachuthi anali kuima pamwamba kuwakha njelwa zimene abale ake anali kumuponyela. Nkhani ya njelwayi imakoma pakamwa, koma oisimba amaiwala mbali ina. Rice atafika ku San Francisco 49ers mu 1985, anagwetsa mipila yambili m'miyezi yoyamba kufikila ocemelela a timu yake anayamba kumukuwiza. Njelwa zinamupatsa mtima wopilila nchito, koma njelwa si mpila. Anafunika kuphunzila buku lalikulu la ndondomeko za kochi Bill Walsh kufikila miyendo izidziwa yokha kopita, kuti maso atsale pa mpila. Mu December caka comweco anawakha mipila 10 ya mayadi 241 pa masewela amodzi ndi Los Angeles Rams, ndipo okuwiza aja anakhala cete.

Kucokela pamenepo khama lake linakhala mbili. Poyeseza, akawakha mpila sanali kuima monga anzake, anali kuthamanga nao mpaka kucigoli. Pachuthi anali kukwela cothamanga phili lina kum'mwela kwa San Francisco, mtunda wa makilomita pafupifupi 4, limene anamuonetsa ndi mnzake Roger Craig. Osewela ena amene anayesa kumutsatila anabwelela panjila. Cifukwa ca philili n'comveka: masewela ambili amaweluzidwa m'cigawo comaliza, pamene miyendo ya womuchinga yalema. Anasewela zaka 20, nawakha mipila 1,549 ya mayadi 22,895, ndi kugoletsa zigoli 208, ndipo anali pabwalo ali ndi zaka 42. Koma khama lomwelo linamupwetekapo. Mu 1997 anaduka mitsempha ya bondo pa masewela oyamba a caka. Anaumilila kubwelela patapita miyezi itatu ndi theka, anagoletsa, ndipo pakugwa pomwepo fupa la bondo lomwelo linang'aluka.

Nanga nambala ya 10,000 inacokela kuti? Mu 1993 katswili wa maganizo a anthu, Anders Ericsson, ndi anzake anafufuza ophunzila kuimba violin ku Berlin, napeza kuti opambana kwambili anali atayeseza maola pafupifupi 10,000 pofika zaka 20. Mu 2008 Malcolm Gladwell anaifalitsa nambalayi m'buku lake la Outliers, ndipo inayenda dziko lonse. Ericsson mwini wake anadandaula kufikila imfa yake mu 2020 kuti anthu anatenga makoko n'kutaya mtedza. Nambalayo inali ya pakati-kati cabe, ena anali pansi, ena pamwamba. Mfundo yake inali ya mtundu wa kuyesezako: kulimbana ndi cimene sucitha, pali mphunzitsi wokuuza msanga pamene walakwa, ndi kubwelezanso utakonza. Ndi zimene anacita Berry, ndi zimene zinacitika kwa Butler.

Mu 2016 ofufuza ena, Brooke Macnamara ndi anzake, anasonkhanitsa zofufuza zambili za masewela osiyana-siyana. Anapeza kuti kuyeseza kumafotokoza magawo 18 pa 100 a kusiyana kwa osewela, ndipo pakati pa akatswili apamwamba gawo limodzi lokha pa 100. Izi sizitanthauza kuti kuyeseza n'kwacabe. Zitanthauza kuti pamwamba paja aliyense amayeseza, conco maola saweluzanso mlandu.

Ena adzandifunsa za Tom Brady, amene anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000, oponya mpila 6 atatengedwa kale, koma anadzapambana Super Bowl maulendo 7, comaliza ali ndi zaka 43. Zoona, anali munthu wokhalila makanema usiku ndi usana. Koma tisanamizane kuti anali munthu wamba. Ndi wamtali mamita 1.93, anali kusewelela yunivesite yaikulu ya Michigan, ndipo mu 1995 timu ya baseball ya Montreal Expos inali itamusankha kale. Matimu analakwitsa pomuyeza. Khama linapeza pomela.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi ya amene anayamba mocedwa. Christian Okoye wa ku Enugu, Nigeria, anapita ku America monga woponya discus, nayamba mpilawu mu 1984 ali ndi zaka 23. Pofika 1989 anali kutsogolela ligi yonse pothamanga ndi mpila, mayadi 1,480, ndi Kansas City Chiefs. Jordan Mailata wa ku Australia anali wa rugby, ndipo pamene Philadelphia Eagles inamusankha mu 2018 anali asanasewelepo mpila wa ku America ngakhale kamodzi. Anamusankha cifukwa ca thupi: wamtali kupitilila mamita awili, wolemela kuposa makilogalamu 150, koma wopepuka miyendo. Anathela zaka ziwili akuphunzila pansi pa kochi Jeff Stoutland asanalowe m'masewela a ligi, ndipo mu February 2025 anapambana Super Bowl. Anyamata angati a ku America amene anayamba ali ndi zaka 7, namaliza maola ao 10,000, anapenyelela Mailata ali pampando kunyumba? M'masekondale a ku America muli anyamata pafupifupi miliyoni imodzi osewela mpilawu. Matimu a NFL amasankha oposa pang'ono 250 pa caka, ndipo ambili mwa iwo sakhalitsa kupitilila zaka zitatu kapena zinai. Amene atiuza za Rice ndi Brady satiuza za otsalawo, cifukwa wolephela saitanidwa kukalankhula pamsonkhano.

Cimene cindibvuta kopambana ndi cakuti ciphunzitso ca maola cili ndi manda ake. Kwa zaka zambili makochi a ku America anali kukhulupilila kuti kuzunza ndiko kuphunzitsa. Mu September 1954 kochi Bear Bryant anatengela anyamata a Texas A&M ku tauni youma ya Junction kwa masiku 10, m'kutentha koopsa, akuyeseza kucokela m'mamawa, madzi osawalola pabwalo. Oposa theka anathawa. Mpaka lelo nkhaniyi imasimbidwa monyadila, koma caka cimeneco timuyo inapambana kamodzi pa masewela 10. Inadzatenga cikho ca cigawo cao mu 1956, ndipo ena amati cinali cipatso ca Junction. Ine ndiganiza kuti Junction sinaphunzitse munthu kuwakha kapena kuchinga. Inangosefa amene matupi ao anapilila.

Korey Stringer wa Minnesota Vikings sanapilile. Anali ndi zaka 27, wolemela makilogalamu oposa 150, katswili wodziwika kale. Pa 31 July 2001 anamaliza kuyeseza m'kutentha ku Mankato, nakomoka, thupi litatentha kupitilila madigili 42. Anamwalila m'mamawa pa 1 August. Sanali waulesi. Dzulo lake analephela kumaliza kuyeseza cifukwa ca kutentha komweko, ndipo anabwelela pabwalo kuti asaoneke wofooka. Ndikaona kochi wa ana akuthamangitsa tianyamata mozungulila bwalo pa 13:00 koloko mu October, madzi palibe, n'kumati awalimbitsa, ndimakumbukila dzina limeneli.

Pali bala linanso losaoneka. Mu 2002 dokotala wocokela ku Nigeria, Bennet Omalu, anapima ubongo wa Mike Webster, katswili wakale wa Pittsburgh Steelers amene anamwalila ali ndi zaka 50 mutu utasokonezeka. Anapeza nthenda imene lelo idziwika ndi dzina lakuti CTE, yobwela cifukwa ca kugundidwa kumutu mobweleza-bweleza. Mu 2017 ofufuza a ku Boston University anaipeza mu ubongo wa osewela akale a NFL 110 mwa 111 amene anapimidwa. Tinene mwacilungamo kuti mabanja ambili anapeleka ubongowo cifukwa anali ndi cikaiko kale, conco nambalayi siimila osewela onse. Koma ofufuza omwewo anapezanso kuti ngozi imakula ndi kuculuka kwa zaka zimene munthu wasewela. Ndipo popeza masewela eni-eni ndi ocepa, mbali yaikulu ya kugundana kwa mnyamata wa kusukulu imacitika poyeseza. Maola omwe aja amene atiuza kuti apanga katswili ndiwo amaunjikanso zipsela mu ubongo. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Eni mpilawo anaona, ngakhale mocedwa. Mu 2011 bungwe la osewela linagwilizana ndi eni matimu a NFL kuthetsa mwambo woyeseza mogundana kawili pa tsiku, ndipo kuyeseza kobvala zochinga thupi kunacepetsedwa kufika maulendo 14 pa nyengo yonse ya ligi. Makochi ambili analila kuti mpila wafa, kuti anyamata sadzadziwanso kugwetsa mdani. Madandaulo ao sanali opanda pake konse, pakuti pali zinthu zimene thupi limaphunzila pokhapokha litagundana ndi thupi lina. Komabe kumbukilani kuti Butler anacita cozizwitsa cake zaka zinai pambuyo pa lamulolo, ataphunzitsidwa m'nyengo ya maola ocepa. Nthawi itacepa, makochi anakakamizika kusankha cimene cifunika kweni-kweni, ndipo a New England anasankha yadi yomaliza.

Amene anapita patali kuposa onse ndi Buddy Teevens, kochi wa koleji ya Dartmouth. Mu 2010 analetsa osewela ake kugwetsana okha-okha poyeseza, caka conse. Makochi anzake anamuseka, ena namuuza kuti adzacotsedwa nchito. Iye sanasiye kuphunzitsa kugwetsa mdani. Anakugawa m'tizidutswa monga Lombardi, mutu uike apa, phewa apa, mapazi apa, ndipo anyamata anali kubweleza kambili-mbili pa matumba ndi zidole m'malo mwa anzao. Ophunzila uinjiniya a pakoleji pomwepo anamupangila cidole coyenda ndi limoti, cothamanga ngati munthu, cimene matimu ena a NFL anadzayamba kugwilitsa nchito. Obvulala anacepa. Mu 2016 makoleji onse 8 a Ivy League anagwilizana kuleka kuyeseza mogundana mkati mwa nyengo ya masewela. Teevens anamwalila mu September 2023 pambuyo pa ngozi ya njinga, atatenga kapena kugawana cikho ca ligi yao mu 2015, 2019 ndi 2021 ndi anyamata amene sanagwetsanepo pa tsiku loyeseza.